Geti la pa Mkuyu

Ana anga, mwakhala mukundiumiriza kuti ndilembe za ntchito yanga, poti tsopano ndinapuma ndipo ndimangokhalira kusuntha mpando kutsatira mthunzi wa mango. Mayi anu akuti ndilembe za masatifiketi ndi maulendo akunja. Zimenezo zili m'mafelemu pabalaza, mukhoza kukaziwerenga nokha. Ine ndilemba za dziwe limodzi la kwathu kunyanja ya Chilwa, chifukwa pa zaka zonse zimene ndinaphunzitsa uinjiniya wosamalira madzi ndi chilengedwe, chimene chimandisowetsa mtendere mpaka lero ndi dziwe limeneli.

1986: Ntchito yoyamba

Ndinalembedwa ntchito ya uphunzitsi pakoleji ina ya ukachenjede kuno kummwera ndili mbeta ya jekete imodzi. Mkulu wa dipatimenti yathu anali a Pulofesa Kaliza, munthu wamfupi wolankhula motsitsa, amene sanakalipirepo munthu koma tonse tinkawaopa. Tsiku loyamba anandizungulitsa mu labotale. Mashelefu anali odzaza ndi mabotolo olembedwa mayina a mankhwala, koma nditanyamula limodzi ndinapeza mulibe kanthu, lachiwiri chimodzimodzi. Iwo anangoti, "A Mukhuna, mabotolowo musawataye. Alendo akabwera amaona kuti tili ndi labotale." Levulo, chida chija timayezera kukwera ndi kutsika kwa nthaka, inali imodzi dipatimenti yonse, ndipo kiyi wa bokosi lake ankakhala m'thumba la a Pulofesa ngakhale popita kutchalitchi. Galimoto inalipo, koma ikapeza mafuta inkasowa matayala, ikapeza matayala dalaivala ankakhala ali kumaliro. Ndinaphunzitsa kayendedwe ka madzi m'mitsinje ndi choko basi, ophunzira n'kumajambula m'makope zipangizo zimene sanazionepo, ndipo zina mwa izo ine ndemwe ndinali nditangoziona m'buku.

Patchuthi ndinkapita kwathu kwa Mwambo nditanyamula mabotolo a mafuta ophikira otsuka bwino, kukatunga madzi a m'nyanja oti ndikawayeze. Wondipalasira bwato anali Layisoni, mwana wa atsibweni anga, msodzi wa ku Kachulu amene tinakulira limodzi. Chisuweni mukuchidziwa, sitipatsana ulemu, koma Layisoni ankachita kuwonjeza. Udokotala wanga umene ndinadzautenga pambuyo pake sanautchulepo, ankangonditi injiniya wa matope.

"Asuweni," anandifunsa tsiku lina tili pakati pa njedza, udzu wautali uja womera m'nyanja, "boma linakusungani kusukulu zaka zonsezi kuti muzidzatunga madzi m'kabotolo? Akazi anga amatunga ndowa yathunthu, chonsecho m'kalasi sanapondemo."

"Ndikukayeza mchere wake," ndinayankha.

"Mchere? Osangolawa bwanji?" Anatapa madzi ndi dzanja, kulawa, n'kulavula. "Chaka chino wachulukirapo kuposa chaka chatha. Lembani."

Patatha milungu itatu ndikupempha mankhwala oyezera kwa anzathu a dipatimenti ina, zotsatira zinatuluka, ndipo zinagwirizana ndi lilime la Layisoni. Sindinamuuze, akanandiseka mpaka kumanda.

1995: Nyanja itauma

Ndinabwerako kumaphunziro akunja nditanenepa komanso ndikudzimva. Chaka chimenechi mvula inavuta ndipo nyanja inaphwa. Inu munali aang'ono, simungakumbukire. Nditafika pa Kachulu ndinapeza mabwato atangokhala pamatope ong'aluka, zimbowera, tinyumba tija asodzi amamanga pamwamba pa madzi, zitatsamira pansi, ndipo anthu akuyenda wapansi kulowera kuchilumba cha Chisi. Fungo la matope ndi nsomba zowola linkakulandirira kutali. Asodzi ambiri anali atathawira kunyanja zina, koma Layisoni anali pakhomo. Ndinamufunsa chimene ankadikira pamalo popanda madzi, iye n'kundiuza kuti ndivule nsapato zanga za kwa azungu ndimutsatire.

Tinakwera ndi kamtsinje kathu ka Nakoma, kamene kamathira m'nyanja chakummwera kwa mtsinje wa Likangala. Kanali katauma, kungotsala kamadzi kochepa koyenda pakati pa mchenga. Titayenda ndithu tinafika pa Mkuyu, pamene madzi amagwa kuchokera pathanthwe n'kukumba dziwe lakuya lomiza munthu wamtali. Malowa ndinkawadziwa kuyambira ubwana, ndipo ndinkadziwanso lamulo lake: pa Mkuyu saponyapo mbedza, satcherapo mono, sathirapo katupe wophera nsomba, ngakhale chaka chamadzi ambiri, ndipo oyang'anira ake ndi a banja la atsibweni. Kusukulu ndinaphunzira kuziona zotere ngati zikhulupiriro za anthu osaphunzira. Tsiku limenelo ndinasuzumira m'dziwemo ndipo madzi anali bii ndi nsomba. Matemba, makumba, milamba, zonse zimene zinathawa m'nyanja zinali zitadzazana m'menemo.

M'mbali mwa dziwe munali amayi otunga madzi, ena mwa iwo oti kwawo ndiwo zinali masamba okhaokha kwa miyezi, koma panalibe ndi mmodzi yemwe wotambasula dzanja. Layisoni ankaswera pamenepo tsiku ndi tsiku atakhala pamuzu wa mkuyuwo. Anandiuza kuti bambo wina atapezeka ndi mono anamubwezetsa nsomba m'madzi zili zamoyo, n'kumulipitsa nkhuku.

"Koma anthu ali ndi njala, asuweni," ndinatero.

"Njala ilipo. Kodi kusukulu kwanuko njala ikavuta mumakazinga mbewu? Mvula ikagwa izi zitsika, zikaswana m'njedza. Tikadya lero, nyanja idzabwera yokha yopanda kanthu."

Mvula itabwerera nsombazo zinatsikadi, ndipo patapita nthawi matemba anayambanso kuoneka pamathandala a ku Kachulu. Ine ndinayeza kuya kwa dziwelo, ndinalemba pepala lonena za maiwe otere, ndinakaliwerenga pamsonkhano wa anthu ophunzira, n'kukwezedwa nalo pantchito. Dzina la Layisoni munalibe m'pepalamo. Ndikulemba izi kuti pa zimene zikubwerazi pasadzapezeke wonditeteza kuti bambo sankadziwa.

2005: Lipoti

Bungwe lina lakunja linabwera ndi ganizo lotsegula sikimu yaing'ono ya mpunga m'mbali mwa Nakoma, kuti anthu azilima kawiri pachaka monga amachitira anzawo a ku Likangala. Panafunika khoma lotchinga mtsinje, limene anthu ankangoliti damu, lopatutsira madzi m'ngalande. Khoma lotere limafuna kukhala pathanthwe, ndipo thanthwe lapafupi linali limodzi lokha, lomwe lija la pa Mkuyu. Ntchito isanayambe pankafunika lipoti la katswiri lonena ngati chilengedwe chiwonongeke kapena ayi. Ntchito yolemba lipotilo inaperekedwa kudipatimenti yathu, ndipo a Pulofesa Kaliza anaipereka kwa ine poti ndine mwana wa komweko.

Sindinachite kuvutika kuti ndione vuto. M'chilimwe madzi a Nakoma ndi ochepa. Akapatukira kumpunga, dziwe litsala lopanda kolowera madzi, ndipo pa Okutobala liphwa. Ndinapeza thanthwe lina kumtunda, koma linkafuna ngalande yaitali, ndipo abungwe anati zimenezo sangazikwanitse. Ndinalowa mu ofesi ya a Pulofesa nditatsimikiza mtima kuti ndikana.

Anandimvetsera mpaka kumaliza, kenako anatsegula fomu ya abungwe. "A Mukhuna, apa afunsa kuti pamalopo pamagwidwa nsomba zochuluka bwanji pachaka. Zochuluka bwanji?"

"Sipagwidwa nsomba, bwana, chifukwa choti..."

"Chifukwacho sanachisiyire malo pafomupa. Malo osagwidwa nsomba, kwa iwo ndi malo opanda nsomba." Anavula magalasi. "Mukakana, sikimu siima. Akapeza wina amene Chilwa amangoiona pamapu, asayina tsiku limodzi. Mukasayina inu, mukhoza kuikamo kanthu kopulumutsa dziwe lanulo. Komanso atilonjeza galimoto ndi zipangizo za mu labotale. Kodi mukufuna kudzapuma pantchito mukuphunzitsabe ndi mabotolo opanda kanthu?"

A Pulofesa okha sakanandigonjetsa. Anandigonjetsa ndi azakhali anu a Esinati, mlongo wanga. Amuna awo anali atamwalira chaka chapitacho, n'kuwasiyira ana asanu ndi kamunda ka chimanga kamene kankapsa ndi dzuwa chaka china, chaka china n'kumira. Dzina lawo linali pamndandanda wa oti alandire puloti m'sikimu. Atamva kuti ndikukayikakayika anandipeza kwa amayi, osafuna ndi kukhala pamphasa pomwe.

"Achimwene, ndamva kuti mukufuna kutikanizira sikimu chifukwa cha matemba. Matemba ake osadyedwawo adzandilerera ana?"

Ndinabwerera kukoleji n'kukhala pa desiki masiku angapo, mpaka ndinapeza nzeru imene ndinaiona ngati yakuya kwambiri. Ndinajambula kageti kachitsulo m'munsi mwa khomalo, kotsegula ndi gudumu, koti madzi ena azipitirira kugwera m'dziwe. Ndipo ndinalemba m'lipoti, m'Chingerezi chosalala, chakumapeto kwenikweni, kuti geti limeneli lizikhala lotsegula chilimwe chonse, makamaka zaka za chilala. Ndinasayina ndikudziyamikira kuti ndakondweretsa onse. Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada, koma ine mwambiwo ndinkauona ngati wonena anthu ena.

Layisoni ndinakamufotokozera ndekha, nditayala chojambulacho pamwamba pa bwato logadabuzika. Anachiyang'ana nthawi yaitali.

"Geti lakelo azitsegula ndani?"

"Komiti ya sikimu."

"Komiti yake ya olima mpunga omwewo?"

"Eya. Zalembedwa m'lipoti, ndi lamulo."

Anaseka mpaka kutsokomola. "Aaa, asuweni! Mwasungitsa matemba kwa mphaka, n'kumulembera kalata ya Chizungu kuti asadye. Sukulu imeneyi mukanangondipatsa ine."

Ndinakwiya, ndinapinda pepala langa n'kunyamuka. Ife anthu a m'makoleji tili ndi matenda amodzi: chinthu tikachilemba, chikadindidwa n'kuikidwa pashelefu, timaona ngati chachitika. Sindinafunse kuti lipotilo adzaliwerenga ndani kwa Mwambo. Sindinalimasulire m'Chichewa, sindinaitanitse msonkhano pa Mkuyu, sindinapemphe kuti gudumu la geti likhale m'manja mwa abanja losunga dziwe. Galimoto inabwera, zipangizo zinabwera, ndipo kwa nthawi yoyamba ophunzira anga anayeza madzi ndi manja awo. Ndisaname, ndinasangalala.

Zaka zotsatira zinkaoneka ngati zikundivomereza. Mpunga unachita bwino, a Esinati anafolera nyumba ndi malata, ana awo anapitiriza sukulu. Geti linkatsegulidwa ndithu, poti zaka za madzi ambiri kutsegula sikupweteka munthu. Chimene sindinkapita kukaona ndi mchenga umene unkadutsa pagetipo n'kumakhazikika m'dziwe pang'onopang'ono. Mu 2012 nyanja itatsika kwambiri, Layisoni ananditumizira uthenga kuti geti ayamba kumalitseka masana. Ine ndinali kalikiliki ndi mayeso a ophunzira komanso ulendo wa kumsonkhano. Ndinalemba kalata kukomiti, n'kusunga kope lake m'failo.

2018: Gudumu

Apa n'kuti a Pulofesa Kaliza atamwalira, mkulu wa dipatimenti ndili ine, ndipo kutatsala chaka chimodzi kuti ndipume. Nyanja inayambanso kuphwa. Mu Okutobala Layisoni anandiimbira foni. Sanayambe ndi chipongwe monga mwa masiku onse, anangoti, "Asuweni, bwerani mawa. Mkuja mukhala mutachedwa." Ndinakwera minibasi ya ku Kachulu m'mamawa, kenako kabaza, lipoti lija lili m'chikwama.

Dziwe limene kale linkamiza munthu linali lolekeza m'mawondo. Madzi ake anali obiriwira, otentha, ndipo pamwamba ponse panali timilomo ta nsomba tikutsegukatseguka kufuna mpweya. Zina zinali zitayamba kale kugadabuzika. Geti linali lotseka, m'mbali mwake atatsekamo ndi matumba a mchenga kuti pasadonthe kanthu. Madzi onse otsala mu Nakoma ankalowa m'ngalande, ndipo kutsidya kwake mpunga unali wobiriwira mochititsa kaso, utangoyamba kutulutsa ngala. Wapampando wa komiti atamva kuti ndikubwera anapezeka kuti wapita kuchipatala. Pakhoma la damu panali patakhala amayi oposa khumi, makasu ali pambali, ndipo pafupi ndi gudumu panali a Esinati, imvi zili mbuu.

Ndinachita chimene ndimadziwa. Ndinaponya chitsononkho m'ngalande, kuwerenga nthawi pawotchi, kuyeza kuya ndi ndodo, n'kuwerengetsa kuseri kwa lipoti lomwelo. Ndinabwereza kawiri ndikuyembekeza kuti mwina ndalakwitsa. Madziwo anali okwanira chimodzi. Kuwagawa pakati kukanapha zonse ziwiri. Mpunga unkafuna milungu itatu kuti ukhwime, nsomba zinali ndi masiku ochepa, ndipo kumwamba kunalibe ndi kamtambo komwe.

Ndinatulutsa lipoti n'kuyamba kuwafotokozera amayiwo zimene zinalembedwa chakumapeto kwake. Anandimvetsera mwaulemu, ndipo ndinazindikira kuti aka kanali koyamba kuti mawu amenewo amveke m'chilankhulo chathu, patatha zaka khumi ndi zitatu. Nditamaliza a Esinati anasuntha n'kundisiyira malo pagudumu.

"Tsegulani, achimwene. Munalimanga ndinu, palibe akugwireni dzanja pano. Koma muyambe mwayang'ana uko. Chimanga chinapsa, nsomba kunyanja kulibe, chatsala ndi chimenecho. Mpunga uwu ukauma, mundiuze inuyo chimene ndikawapatse adzukulu anga, poti ndinu ophunzira."

Ndinatembenukira kwa Layisoni, ndikufuna kuti anditukwane, andiseke, kuti mwina mtima ungalimbe. Anali ataima m'mphepete mwa dziwe, madzi akumulekeza m'akakolo.

"Asuweni, ine sindinakupempheni kanthu chibadwire," anatero. "Atate anandisiyira dziwe ili nsomba zilimo. Pa chilala chija anthu anagona ndi njala osaligwira. Lero ndikukupemphani, tsegulani."

Ndinagwira gudumulo. Linali lotentha ndi dzuwa moti linkawotcha m'manja, koma silinali lolimba, ndinamva kuti ndikangokankha lizungulira. Khanda lina linkalira kumsana kwa amake. Sindikudziwa kuti ndinaima nthawi yaitali bwanji. Kenako ndinachotsa manja n'kunena mawu amene ndimachita nawo manyazi mpaka lero: ndinati nkhaniyi ndi yofunika kukambirana kaye ndi akomiti, ndipo ndikalemba kalata kuboma. Aliyense pamenepo anadziwa kuti ndakana, koma ndinalibe ndi mtima womwe wonena kuti ndakana.

Layisoni anatuluka m'madzi, anavula chipewa n'kuchigwira ndi manja awiri. "Zikomo kwambiri, a Dokotala," anatero. "Muyende bwino."

Pasanathe mlungu nsomba zinayamba kufa zambirimbiri. Anthu anabwera ndi mabeseni kudzatola, ndipo zamoyo zomwe anazikokolola ndi maneti a udzudzu, poti zinali zoti zifa kale. Layisoni sanaletse munthu. Ndinamva kuti anakhala pamuzu wa mkuyu mpaka dzuwa kupendeka, kenako anapita kwawo, ndipo sanabwererekonso.

Sindikufuna kudzikuza ngakhale pa kulakwa, ngati kuti ndinapha nyanja ndi ine ndekha. Mvula inabwera, nyanja inadzaza, nsomba zinatsika kuchokera m'maiwe a mitsinje ina kumene kunalibe injiniya wanzeru ngati ine. Koma pa Mkuyu panathera pomwepo. Lero ndi mchenga, anyamata amaumbapo njerwa m'mbali mwake, ndipo kamadzi kakatsalira m'chilimwe ana amawedzamo ndi mbedza popanda wowaletsa. Chilala chikadzabweranso, nsomba zokwera ndi Nakoma zidzasowa kofikira. Layisoni ali moyo. Timakumana pamaliro, amandipatsa moni ndi manja awiri, amafunsa za mayi anu ndi za inu mmodzimmodzi, n'kupita kukakhala kwina. Ndimamusowa kwambiri munthu ameneyu, kuposa mmene ndimasowera ntchito, ofesi ndi ophunzira onse pamodzi.

Mukandifunsa ngati ndikanayenera kutsegula, sindikudziwa. Ndaganiza zaka zonsezi ndipo yankho limasintha malinga ndi nkhope imene ndaikumbukira tsiku limenelo. Chimene ndikudziwa n'chakuti amene anaimika mlongo wanga ndi msuweni wanga mbali ziwiri za geti limodzi ndi ine, ndi cholembera changa, tsiku limene ndinasayina.

Mpunga uja unakhwima. Mu Disembala a Esinati ananditumizira thumba lathunthu pa minibasi, osalembapo kalata. Ndinaganiza zolibweza, ndinaganiza zolipereka kutchalitchi, koma linakhala m'sitolo mpaka nonse munabwera ndi ana anu kudzadya Khirisimasi. Mayi anu anaphika ndi nkhuku. Munadya, munawonjezera, ndipo mmodzi wa inu anati mpunga wa azakhali chaka chino wakoma kuposa zaka zonse, n'kundifunsa chifukwa chimene ndinkadyera mwakachetechete. Ndinati mano akundivuta. Unali wokomadi, ana anga, ndipo mbale yanga ndinaimaliza.